Dawe wa M'dimba la a Kalisto

A Kalisto adabwera m'mudzi muno, kufupi ndi Nachisaka, kudzakwatira. Kwawo kudali kumapiri a ku Ntchisi. Inenso ndine wobwera. Tonse awiri tidali akamwini, ndipo madimba athu adagundana malire kumunsi kwa dambo. Ndidawadziwira pamenepo. Sitidali pachibale, ndipo kuchezerana kunyumba sitinkakonda. Tinkangoonana kudimba, aliyense atawerama pake.

Mkamwini sasankha malo. Akuchikazi adawapatsa a Kalisto chigawo chimene eni mudzi adachikana. Dothi lake lidali lakuda bwino, madzi ali pafupi, koma chidali chodzaza ndi dawe. Amene adakawalozera ndi mlamu wawo, a Petulo, mlongo wa akazi awo a Lusiya. Ine ndidali pomwepo, ndikuthirira mpiru wanga.

"Alamu, dimba ndi limeneli," adatero a Petulo. "Koma muli kale mwini wake."

"Ndani?"

"Mwamuponda."

A Kalisto adawerama, nazula tsinde limodzi, naligubuduza pakati pa zala.

"Ameneyu ndi kwathu aliko," adatero. "Tigawana."

A Petulo adaseka mpaka kutsokomola. Adabwerera kumudzi akupukusa mutu.

Dawe si udzu, ngakhale ambiri amangoti udzu. Ine ndidakula ndikumupalira osamuyang'anitsitsa. Tsiku lina ndidafunsa a Kalisto chifukwa chimene sankagwiritsira khasu ngati anthu ena onse. Adathyola phesi la udzu ndi phesi la dawe, nandiika m'manja.

"Gubuduzani, a Andreya."

La udzu lidagubuduzika bwinobwino. Lidali lobulungira, la mfundo ngati kabango. La dawe lidakana. Lilibe mfundo, ndi lodzaza mkati, ndipo lili ndi ngodya zitatu. Ukalipotokola pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, umamva ngodyazo zikugunda imodzi imodzi. Masamba ake onse amachokera pansi pa tsinde, kuloza mbali zitatu. Ndi osalala, onyezimira ngati apakidwa mafuta, ndipo lililonse lili ndi kangalande pakati. Dawe akakula amatulutsa phesi limodzi lopanda tsamba. Pamwamba pake pamakhala timasamba totambasuka ngati nthiti za ambulera, ndipo pakati pa timasambato pamakhala ngayaye zake. Alipo wa ngayaye zachikasu, amene timbatata take ntotsekemera pang'ono, moti ana ndi nkhumba amafukula. Wa m'dimba la a Kalisto adali wa ngayaye zofiirira. Ameneyo ndiye woipitsitsa.

"Zapamwambazi nzongonamiza," adatero. "Dawe mwini wake ali pansi."

Adakumba nandionetsa. Pansi pa tsinde padali kambatata kakuda, kolimba, kaubweya. Adakaswa ndi chikhadabo. Mkati kadali koyera, konunkhira ngati mankhwala azitsamba, ndipo nditalawa kadali kowawa. Kuchokera pa kambatatako padatuluka ulusi wolimba ngati waya, ndipo kumapeto kwa ulusiwo kudali kambatata kena, kenanso kena, kulumikizana ngati mikanda.

"Onsewa ali mtulo," adatero. "Wodzuka ndi mmodzi yekha, wapamwambayu. Mukadula ulusi ndi khasu, aliyense amaona kuti watsala yekha, ndiye amadzuka. Mwapalira mmodzi, mwadzutsa mudzi."

Mawu amenewa ndiwo adali ambiri kwambiri amene ndidawamvapo kwa iwo nthawi imodzi.

Chida chawo chidali mpeni wakale wothyoka nsonga. Ankayala thumba pansi, kugwadapo, kulowetsa mpeni pambali pa tsinde, ndi kutsata ulusi ndi chala mpaka apeze kambatata, kenako kotsatira. Ankaponya m'chitini. Poweruka ankakakhuthula pathanthwe la kumtunda kwa dimba kuti tiume ndi dzuwa, ndipo tikauma ankatentha. Sankataya m'malire ngati enafe. Sankaponya kudzenje la manyowa.

Anthu ankawaseka. Azimayi opita kukachapa ankaima panjira.

"A Kalisto, mwataya singano kodi?"

"Ndataya, mayi. Mukaipeza kwanu mundisungire."

"Khasu kwanu ku Ntchisi silidafike?"

"Lidafika. Ndi limene lidatibalalitsira ameneyu."

Ana amene adabadwa chaka chimene iwo adayamba adali atalowa sukulu pamene dimbalo lidayamba kuoneka ngati dimba. Dawe sadathe. Dawe satha. Adangochepa. Ngodya imodzi yokha, pafupi ndi chitsime, idawakanika mpaka kalekale. Pamenepo timbatata tidalowa pansi kwambiri. Adangopazinga ndi ngalande, napasiya. Dothi la pamenepo lidali lakuda ndi lofewa kuposa lonse, koma sadatengepo ngakhale lodzaza dzanja.

M'dimbamo adasankha kulima anyezi. Wodziwa ulimi amvetsa kuti kumeneko kudali kuputa. Anyezi sachita mthunzi, masamba ake ngoonda, ndipo dawe amakonda dzuwa. Koma anyezi wa a Kalisto ankabereka. A Lusiya ankamanga m'mitolo, ndipo opikula ankafika ndi njinga mpaka kudambo. Nyumba yawo idafoleredwa malata isadafoleredwe ya a Petulo. Zoti mwataya singano zidatha.

Ana sadawayendere bwino. Awiri adamwalira ali aang'ono. Wotsala, Obed, atakula adapita ku Joni. Poyamba ankaimba foni. Kenako nambala yake idasiya kugwira. Amene amabwera kuchokera kumeneko ena amati adamuona, ena amati sadamuone.

A Lusiya adamwalira nthawi ya dzinja, atadwala pang'ono. Maliro atatha, akuchikazi adakhala pansi pa nkhani ya kusudzula. Mwambo wathu ngwakuti mkazi akamwalira, mwamuna amathokozedwa ndi kumasulidwa kuti abwerere kwawo. Munda ndi dimba zimatsala, chifukwa nza mbumba ya mkazi. Amene ali ndi ana pamudzi amatsamira anawo. A Kalisto adalibe wotsamira. Ndipo kudali Elube, mwana wa mng'ono wawo wa a Lusiya, amene ukwati wake udatha, nabwerera kumudzi ndi ana aang'ono, wopanda polima.

A Petulo sadali munthu woipa. Ndinene zimenezi poyera.

"Alamu, ife sitikukuthamangitsani," adatero. "Munda wakumtunda tipatsa Elube. Nyumba khalanimo. Dimba limani, mudalikonza ndinu. Koma tsiku limene lidzakukanikeni, tidzakhalanso pansi. Malo sangagone pamene ana akugona ndi njala."

"Ndamva, alamu."

Ine ndidali pomwepo. Pa nkhani ya malo mkamwini amangomvera.

Choncho dimba lidasanduka chimene chidawagwira m'mudzi muno. Ku Ntchisi makolo adali atamwalira kale, alongo awonso. Kudatsala ana a alongo awowo, amene ankakumana nawo pamaliro pokha. Manda a akazi awo ali kuno. Anthu owadziwa dzina ali kuno. Obed akadati abwere, akadabwera kuno.

Adalima okha zaka zingapo, bwinobwino. Kenako adayamba kuonda ndi kumwa madzi ngati ng'ombe. Tsiku lina adandipatsa moni wa munthu wina ndili pafupi nawo. Adapita ku chipatala cha ku Mtengowanthenga, nabwerako ndi mapiritsi.

"Akuti ndi shuga," adandiuza tili pamalire.

"Nanga maso?"

"Akuti si ng'ala yoti nkuchotsa. Matenda adya mkati." Kenako adati, "Alamu musawauze."

"Awauza ndani? Ali ndi maso awo."

"Eya, iwo ali nawo."

Njira ya kudimba ankaidziwa ndi mapazi. Adakhoma zikhomo namanga zingwe m'mbali mwa mabedi, kuti pothirira azitsata chingwe. Chovuta chikadakhala kuzulira, chifukwa mbande ya anyezi ndi dawe wamng'ono zimafanana ukaziona patali. Koma pa zala sizifanana. Anyezi amatuluka m'dothi atapinda ngati bondo. Tsamba lake ndi lofewa, lobulungira, lamphako, ukalifinya limaphwafuka. Dawe amatuluka chilili, wakuthwa ngati singano. Amaboola udzu wophimbira bedi, amaboola ngakhale mbatata. Ndipo ngakhale ali wamng'ono chotani, patsinde pake ngodya zija zimakhalapo.

Ndidawaonerera m'mawa wina. Nkhope adalozetsa kumwamba ngati munthu womvetsera mvula. Zala zinkayenda m'bedi, kugwira, kugubuduza, kusiya, kugwira china. Zikapeza ngodya, mpeni unkalowa.

"Mukundiyang'ana, a Andreya. Ndikumva mpweya wanu wa fodya."

"Ndikuona ngati muzula anyezi."

"Bwerani tipikisane. Inu ndi maso anu, ine ndi zala."

Sindidapite. Akadandiposa.

Zidayenda choncho nyengo ziwiri. Mudzi wonse udadziwa kuti saona. Palibe adanena kanthu, chifukwa anyezi ankatuluka, ndipo dimba lidali loyera. A Petulo ankadutsa, kuyang'ana, nkupitirira.

Dzanzi lidayambira kumapazi. Tsiku lina adafika kudimba ndi patapata mmodzi, osadziwa kuti winayo watsala panjira. Tidaseka tonse awiri. Miyezi itapita lidafika kunsonga za zala. Pamenepo sitidaseke.

Ndidawapeza atagwada, akuzula kanthu ndi kukagunditsa pamlomo.

"Mwayamba kudya dawe?"

"Mlomo sudachite dzanzi," adatero. "Ngodya ndikuzimvera apa."

Zidali zoona, koma mlomo umanena chinthu chitazulidwa kale. Akapeza kuti ndi anyezi, ankabwezera m'dothi, ndipo wambiri ankafota. Akapeza kuti ndi dawe, ulusi udali utaduka kale, timbatata titatsala pansi. Ulusi sungautsate ndi mlomo. Chitini chinkabwerera kuthanthwe chili ndi masamba okhaokha.

Ndinkawathandiza m'mawa wina ndi wina. Koma ndili ndi dimba langa, ndi mawondo anga, ndipo dzanja langa si lawo. Ndinkadula ulusi wambiri kuposa umene ndinkatsata. Iwo ankamva.

"Mwadula."

"Sindidadule."

"Ndamva kuti thu. Mwadula."

Chaka chimenecho nazale idatheka movutikira. Mbande zidakula zofunika kuwokera, koma mabedi owokeramo adali asadakonzedwe, ndipo dawe adali atayamba kuonekera apa ndi apo. Adali wochepa. Munthu wa zala zabwino akadamutha.

A Kalisto adali Mkatolika, wosajomba ku mphakati, kumene mabanja oyandikana amakumana kupemphera mkati mwa sabata. Wapampando wake adali a Gregorio, munthu wamtima wabwino ndi wachangu. Mapemphero atatha tsiku lina, adalengeza kuti Loweruka onse apite kukawathandiza a Kalisto kudimba. Anthu adawomba m'manja. Akazi anga adaliko, ndi amene adandiuza.

A Kalisto adaimirira, nathokoza, kenako nati, "Koma musabwere ndi makasu."

"Nanga tibwere ndi masipuni, bambo?" adatero a Gregorio. Anthu adaseka.

"Dawe safuna khasu."

"Musadandaule. Inu mukangokhala pamthunzi. Ntchito ya mwezi ife tikaithera m'mawa umodzi."

Munthu wosaona akukana thandizo amaoneka wamanyazi chabe. Palibe adaganiza kuti akunena za ulimi.

Adabwera Loweruka m'mawa akuimba, amuna ndi akazi, makasu paphewa. Elube adali nawo, mwana kumsana. Adagwira ntchito ndi mtima wonse, zimenezo sindingakane. Adagaula dimba lonse, naphwanya zibuma mpaka dothi lidasalala ngati ufa. Zingwe za a Kalisto adazichotsa chifukwa zinkakola makasu. Pokweza mabedi dothi lidachepa, ndipo wina adaona ngodya ija ya pachitsime.

Ndidawoloka malire.

"Dothi ilo musatenge."

"Chifukwa?" adafunsa a Gregorio.

"Ndi la dawe. Eni ake satengapo."

"Dawe tamupalira kale, a Andreya, onani. Dothi lakuda chonchi lizingokhala? Kapena mukulifuna inu?"

"Akamwini nsanje!" adakuwa mayi wina, ndipo onse adaseka.

Onsewo ndi alimi, dawe amamudziwa. Koma amamudziwa monga ndinkamudziwira ine: chinthu chopalira lero, nkudzapaliranso sabata yamawa. M'minda ya chimanga zimatheka, chifukwa chimanga chikakula chimamuphimba. Adatuta dothi lija m'mabeseni ndi m'zidebe, nalimwaza pa bedi lililonse.

A Kalisto adali ataima pafupi ndi thanthwe, atatsamira ndodo. Ndidapita kukaima nawo.

"Akutenga pachitsime," adatero. Sikudali kufunsa.

"Akutenga."

"Ndikumva kumene mabeseni akuchokera."

"Ndiwaletsenso?"

"Adula kale. Asiyeni amalize."

Dzuwa lisadafike pamutu, mbande zonse zidali zitawokeredwa m'mizere yowongoka. Elube ndiye adawokera zambiri. A Gregorio adatsogolera pemphero. A Kalisto adavula chipewa, nathokoza aliyense ndi dzina lake, pomuzindikira mawu. Munthu akakuthandiza umathokoza.

Masiku oyamba dimbalo lidakongola kuposa kale lonse. Odutsa ankaima kuyamikira. A Kalisto adamanganso zingwe zawo, nayamba kuthirira. Akadaleka kuthirira, anyezi akadafa. Pothirira anyezi ankathiriranso zimene zidali pansi.

Dawe adatuluka yense pamodzi, bedi lililonse, ngati tsitsi lomera pamutu wometa. Ndidawapeza a Kalisto atagwada, akuyendetsa mkono pamwamba pa bedi, chifukwa khungu la pamkono linkamvabe.

"A Andreya, ndi anyezi ameneyu?"

"Ayi."

"Yenseyu?"

"Anyezi alimo. Koma ngwochepa."

"Akubaya ngati ndevu," adatero. Adapempha kuti ndiwapatsire chitini.

Ankafika m'mamawa, kuchoka dzuwa litapendeka. Kuzula, kugunditsa pamlomo, kuponya kapena kubwezera. Milomo idachita zilonda ndi dothi. Pamene ankafika kumapeto kwa bedi limodzi, koyambirira kudali kutabiriwiranso. Elube ankabwera akapeza mpata, koma adali ndi munda, ana, ndi maganyu. Iyenso ankangobudula masamba.

A Gregorio adabwera kudzaona. Mawa lake adabwera ndi mankhwala opopera, ogula ndi m'thumba mwawo. Tidayesa pa bedi limodzi. Zonse zidapsa, anyezi ndi dawe yemwe. Patapita masabata, dawe adaphukanso. Anyezi sadaphuke.

"Bambo, tikhululukireni," adatero a Gregorio. "Ife timati tikuthandiza."

"Mudathandiza. Mabedi adali owongoka, anthu adandiuza."

"Tibwerenso Loweruka?"

"Ayi, mwana wanga. Pitani mukalime kwanu."

Kenako dawe adachita ngayaye. Chibwerere a Kalisto m'mudzi muno, m'dimba limenelo dawe adali asadafikepo pochita ngayaye, kupatula pangodya ya pachitsime. Tsopano dimba lonse lidafiirira, moonekera kuchokera panjira ya kumtunda. Anyezi amene adatsala adali ngati zala za mwana, ena atabooledwa pakati.

A Petulo adatsika ndi ndodo yawo, nawonso atakalamba. Adaima pamalire nthawi yaitali. A Kalisto adali atagwada pakati pa bedi.

"Ndi alamu amenewo? Ndamva chifuwa."

"Ndine, alamu."

"Wafiira?"

"Wafiira."

"Paliponse?"

"Paliponse, alamu."

A Kalisto adapukuta mpeni pa buluku. "Ndiye mwabwera bwino."

"Paja mudati mugawana," adatero a Petulo. Ankafuna kuseka, koma sikudatuluke.

"Tidagawana. Iye watenga mbali yake mochedwa."

Akuchikazi adakhalanso pansi monga adanenera a Petulo kale paja. Elube adalira pamaso pa amalume ake.

"Dimba nditenga, koma bambo akhale. Ndiziwapatsa chimene ana adya."

"Ana adya chiyani?" adafunsa a Petulo. "Ndipo wodwala amadwazidwa ndi abale ake. Matendawa akupita patsogolo. Mawa mwendo ukachita chilonda, awanyamula ndani? Akatisiya kuno, a ku Ntchisi adzatifunsa kuti mudamusungiranji m'bale wathu mpaka kufa, osatiuza. Tidzayankha chiyani?"

Ena adayang'ana kwa ine, poti ndine wamkulu ndipo ndidali woyandikana nawo. Ndidati a Kalisto adalikonza dimbalo ndi mawondo awo. Adavomera onse kuti nzoona. Nkhani idapitirira.

A Kalisto eni ake ndiwo adaitseka.

"Elube, usalire. Ine kuno ndidabwera ndi manja. Manja atha. Alamu sadalakwe." Adatembenukira kumene kudali mawu a a Petulo. "Chimodzi chokha. Obed akadzabwera, mudzamulozere njira."

"Tidzamulozera."

Adawasudzula mwaulemu, nawathokoza monga mwa mwambo. Uthenga udapita ku Ntchisi. Amene adabwera ndi Felton, mwana wa mlongo wawo, bambo wa banja lake, waulemu koma wachilendo. Ankawatcha amalume mochita kukumbukira. Adabwera ndi njinga yamoto yahayala. Katundu adali wochepa: chikwama, bulangete, mapiritsi, wailesi. Malata adatsala pa nyumba.

Asadakwere, a Kalisto adati akufuna kufika kudimba. Felton adayang'ana dzuwa, koma sadakane. Ndidawagwira dzanja, ngakhale njirayo ankaidziwa kuposa ine. Tidaima pathanthwe. Padali phulusa lakale lokha.

"Tandizulireni mmodzi."

Ndidazula wamkulu, wa ngayaye, ndi kuwaika m'manja. Adagubuduza phesi pakati pa zala. Adagubuduzanso.

"Mwandipatsa chiyani?"

"Dawe."

"Musandinamize, a Andreya."

"Ndi dawe. Ngodya zake ndikuziona."

"Ine ndikumva ngati chingwe." Adaligunditsa pamlomo, nagwedeza mutu. "Ndi yemweyo."

Adatulutsa mpeni uja m'thumba nandipatsa.

"Elube mukamuonetse. Asadule ulusi. Ndipo inu muyang'anire malire anu, ameneyu sadziwa kuti dimba ili ndi la yani."

Adakwera njinga ija, iwo pakati, Felton kumbuyo atawagwira. Phesi lija adapita nalo m'manja.

Elube ndidamuonetsa. Adamvetsa, si wopusa. Adayesa masiku angapo, kenako adabwera ndi khasu. Ali ndi ana ofuna kudya chaka chino, sangagwade zaka kudikira dimba. Adadzala chimanga chachiwisi, chimene chimapirira dawe. Chimabereka pang'ono.

Za a Kalisto timamva mwa apo ndi apo. Akuti amakhala pakhonde kwa Felton, ndipo akuwasunga bwino. Akuti mwendo umodzi wayamba chilonda. Obed sadabwere.

Chaka chino dawe wawoloka malire. Ali m'mabedi anga a kumunsi. Mpeni ndili nawo, ndipo ndikudziwa kumene ulusi umapita. Mawondo anga sapindika.